Kukolola nkhono za m'mathiriro a mitsinje popanda kuzitheratu

Pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere, mchere wa m'madzi sukhazikika. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35, pomwe ya mumtsinje siifika n'komwe theka la galamu. M'mathiriro mchere umakwera ndi kutsika pakati pa milingo iwiriyi, malinga ndi mvula komanso kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. M'matope ndi mumchenga wa malo oterewa ndi momwe mumakhala nkhono za zigoba ziwiri zotchedwa clam. Ku Maputo Bay m'dziko la Mozambique amazikumba madzi akaphwa, ku Ghana amazitola pansi pa mtsinje wa Volta, ku Kerala m'dziko la India amazikokolola ali m'bwato, ndipo ku Galicia m'dziko la Spain ntchito yozikumba wapansi ndi ya amayi makamaka, omwe ali ndi magulu awo ndi malamulo awo.

Nkhono sizithawa. Nsomba zikachepa pamalo, zina zimatha kubwera kuchokera kutali, koma nkhono yaikulu imakhala pomwe inakhazikika ili yaing'ono, ndipo munthu wakhama akhoza kusesa bwalo lonse la nkhono, kutanthauza malo omwe zakhazikika zambiri, m'nyengo imodzi. Ku Ashtamudi, ku Kerala, zokolola zinafika pafupifupi matani 10,000 mu 1991, kenaka zinatsika ndi theka pofika 1993 chifukwa chokolola mopyola muyeso. Asodzi ndi akatswiri anagwirizana zotseka usodziwo kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, kuletsa kutenga nkhono zosafika mamilimita 20, ndi kukaniza makina okokolola pansi. Nkhono zinabwerera, ndipo mu 2014 usodzi umenewu unakhala woyamba ku India kulandira chiphaso cha Marine Stewardship Council, bungwe lotsimikizira usodzi wosamala zachilengedwe. Wa ku Ben Tre m'dziko la Vietnam, wa mtundu wa Meretrix lyrata, unali utalandira kale chiphasochi mu 2009. Palibe chodabwitsa pa zimene anachitazo. Ndi zinthu zoti gulu lililonse la okumba likhoza kuyamba ndi sefa, chingwe ndi kope.

Mmene nkhonoyi imakhalira

Nkhono imadzikwirira pogwiritsa ntchito phazi lake lamnofu, n'kutulutsa timapaipi tiwiri pamwamba pa mchenga. Kamodzi kamakoka madzi, kena kamawatulutsa. Madziwo amadutsa pa ziwalo zopumira zomwe zimagwiranso ntchito ya sefa, n'kukola tindere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene ndi chakudya chake. Kutalika kwa timapaipito ndi kumene kumalamula kuzama kwa malo ake. Mitundu ya Meretrix ndi Ruditapes imakhala masentimita ochepa chabe pansi, Tegillarca granosa ya magazi ofiira ilibe timapaipi ndipo imangokhala pamwamba penipeni pa matope, pomwe Mya arenaria ya kumaiko ozizira imazama mpaka masentimita 20 kapena kupitirira.

Pa kuswana, zazimuna ndi zazikazi zimathira mbewu ndi mazira m'madzi nthawi imodzi, kawirikawiri kutentha kwa madzi kapena mchere zikasintha. Mazira amakumana ndi mbewu m'madzi momwemo. Apa pali chinthu chimene okumba ambiri sachiganizira: nkhono zikatalikirana kwambiri, mbewu imasungunuka m'madzi isanakumane ndi dzira. Nkhono 1,000 zokhala pamodzi zimabereka zambiri kuposa nkhono 1,000 zomwazikana pa mtunda wautali. Choncho kusiya imodziimodzi paliponse sikuthandiza ngati kusiya chigawo chimodzi chothithikana chosakhudzidwa.

Timphutsi take timayandama m'madzi kwa sabata imodzi mpaka zitatu, malinga ndi mtundu ndi kutentha, tisanatsikire pansi tili tosafika n'komwe theka la milimita. M'masiku amenewo madzi amatitenga. Bwalo limene mukukumba likhoza kukhala likudalira nkhono zikuluzikulu za bwalo lina kumtunda kapena kumunsi, mwinanso za pansi pa ngalande yomwe siiphwa. Ndiye chifukwa chake magulu a mbali zonse za mathiriro ayenera kupangana, osati mudzi uliwonse paokha.

Dziwani nthawi ya madzi musanaponde matope

M'magombe ambiri nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Madzi amaphwa kwambiri masiku oyandikana ndi mwezi watsopano komanso mwezi wathunthu, ndiye kuti kawiri pa mwezi. Awa ndi masiku abwino okumba chifukwa mchenga wa kumunsi umaonekera, komanso ndi masiku oopsa, popeza madzi omwewo amabwerera mwamphamvu.

Lowani patatsala maola awiri kuti madzi afike pophwera penipeni, muzitsatira madziwo pamene akutsika, ndipo akangotembenuka yambani ulendo wobwerera. Madzi obwerera sakwera mofanana. Mu ola loyamba amakwera pang'ono, zomwe zimanyenga munthu kuti nthawi ilipo, koma mu ola lachitatu ndi lachinayi amakwera pafupifupi theka la msinkhu wawo wonse. Komanso sabwera kuchokera kutsogolo kokha. Amayamba kudzaza ngalande zomwe munawoloka zili zouma, ndipo mumazindikira atakuzingani kale. Mu Febuluwale 2004, ku Morecambe Bay m'dziko la England, anthu osachepera 21 ochokera ku China anamira akukumba nkhono usiku pamalo omwe sankawadziwa. Musapite nokha, musapite usiku pa bwalo lachilendo, ndipo wina wa kumtunda adziwe nthawi imene muyenera kukhala mutabwerako. Mukatitimira m'matope musalimbane nawo muli chiimire. Tayani katundu, gonani chagada kuti thupi litambasuke, n'kumazula mwendo umodziumodzi pang'onopang'ono.

Kuwerenga zimene zili pansi

Musanagwirizane kuchuluka koti mukolole, dziwani kuchuluka kwa zomwe zilipo. Pangani felemu ya matabwa kapena mapaipi ya masentimita 50 mbali zonse. Mafelemu anayi otere amakwana sikweya mita imodzi. Yezani bwalo m'litali ndi m'lifupi, kenaka tambasulani zingwe kuchokera kumtunda kutsikira kumadzi, zotalikirana mofanana, n'kumaika felemu pa mapazi owerengeka omwe mwagwirizana, mwachitsanzo pa mapazi 20 aliwonse. Pomwe yagwera ndi pomwepo. Musaisunthire pamene mukuona timaenje tambiri, ndipo ngati mulibe kanthu lembani 0. Kulakwitsa kofala kwambiri pa ntchito imeneyi ndi kusankha malo abwino okhaokha, ndipo mapeto ake mumapeza nambala yaikulu kuposa zenizeni, n'kukolola nkhono zomwe kulibe.

M'felemu iliyonse kumbani masentimita 10 mpaka 15, kapena kupitirira ngati mtundu wanu ndi wozama, n'kusefa dothilo m'madzi ndi sefa ya mabowo a mamilimita 2. Werengani nkhono zonse, muziyeze m'litali, muzigawe patatu: tiana, zapakati ndi zofika pa msinkhu wokolola. Pa bwalo la mahekitala awiri, mafelemu 30 ndi poyambira pabwino.

Tiyerekeze kuti mwapeza nkhono zazikulu 12 pa felemu iliyonse mukagawa mofanana. Pa sikweya mita ndi 48. Mahekitala awiri ndi masikweya mita 20,000, ndiye kuti muli nkhono 960,000. Ngati nkhono 100 zikulemera kilogalamu imodzi, bwalolo lili ndi makilogalamu 9,600. Kwa gulu loyamba kumene, ndi bwino kutenga gawo limodzi mwa magawo anayi a zazikuluzo m'chaka choyamba, kuwerenganso mwezi womwewo chaka chotsatira, n'kuwonjezera pokhapokha ngati nambala sinatsike.

Nambala ya tiana ndi yofunika kuposa ya zazikulu. Bwalo lodzaza ndi zazikulu zokhazokha limasangalatsa wokumba, koma likutanthauza kuti kwa chaka chimodzi kapena ziwiri mbewu siinakhazikike, ndipo mukachotsa zomwe zilipozo palibe zolowa m'malo. Chaka chotero chepetsani kukolola ngakhale maso akuuzeni kuti zilipo zambiri.

Msinkhu, nyengo ndi chigawo chosiyidwa

Lamulo la msinkhu lili ndi cholinga chimodzi: nkhono iswane kamodzi, makamaka kawiri, isanachotsedwe. Msinkhuwo umasiyana ndi mtundu. Ku Maine m'dziko la America, Mya arenaria iyenera kufika mainchesi awiri, omwe ndi pafupifupi mamilimita 51, pomwe ku Ashtamudi muyeso ndi mamilimita 20 aja. Musakopere nambala ya kwina. Ngati boma laika kale muyeso, tsatirani umenewo. Ngati palibe, mwezi uliwonse tsegulani nkhono 30 za misinkhu yosiyana n'kuona mnofu wa pamwamba pa phazi. Ukakhala wotupa, woyera ngati mkaka, nkhonoyo yakhwima ndipo yatsala pang'ono kuswana. Ukakhala wopyapyala ndi wamadzimadzi, yaswana kale. Mukachita izi kwa chaka chathunthu mudziwa zinthu ziwiri: msinkhu umene zimayamba kuswana, ndi miyezi yoyenera kutseka. Muyeso wanu uikeni pamwamba pang'ono pa msinkhu woyambira kuswanawo.

Kuyeza nkhono imodziimodzi ndi rula sikutheka pa matope. Pangani sefa ya timitengo tachitsulo tondandalika. Dziwani kuti sefa yotere imasankha potengera kunenepa kwa chigoba, osati kutalika kwake. Choncho tengani nkhono 20 zomwe zangofika kumene pa muyeso, muyeze kunenepa kwake, n'kuika mpata wa timitengoto molingana. Sefani pamalo pomwe mwakumbapo. Nkhono zing'onozing'ono zikasefedwa kumtunda zimafera padzuwa, ndipo lamulo lonse limakhala lopanda phindu.

Bwalo ligaweni m'zigawo zitatu kapena zinayi, zokhomedwa zikhomo zooneka. Chimodzi chisakumbidwe n'komwe, ndipo chikhale chothithikana, osati chija chomwe aliyense amachikana kale. Zinazo muzizikumba mosinthana.

Kukumba kwenikweni

Pa mchenga yang'anani timaenje tiwiri toyandikana, kapena kamodzi kooneka ngati bowo la kiyi. Mukaponda pafupi, madzi amatumphuka. Gwiritsani ntchito reki ya mano obuntha kapena manja. Khasu lakuthwa limaswa zigoba, ndipo nkhono yosweka siigulika komanso siikhala ndi moyo mukaibwezera. Lowetsani reki pambali pa kabowo, osati pamwamba pake, n'kutukula dothi m'malo molidula.

Mukatha, kwirirani dzenje. Mulu wa dothi wosiyidwa pambali umatsamwitsa tiana tomwe tili pansi pake chifukwa timapaipi tawo sitifika pamwamba, ndipo dzenje lotseguka limasunga madzi omwe amatentha padzuwa. Zazing'ono zibwezereni m'dothi lofewalo, mbali ya timapaipi itayang'ana kumwamba, n'kuziphimba pang'ono. Mitundu ya zigoba zolimba imadzikwirira yokha msanga, koma Mya yaikulu imalephera, ndipo mukaisiya pamtunda mbalame ndi nkhanu zimaimaliza. Pamene pali udzu wa m'nyanja kapena mizu ya mitengo ya mangrove, yomera m'madzi amchere, musakumbepo. Zimenezi ndi zomwe zimagwira dothi kuti lisakokoloke, ndipo udzuwo umatenga zaka kuti umerenso.

Zimene nkhono yasefa, inu mudzadya

Nkhono imasunga m'thupi mwake zimene zili m'madzi, ndipo siionetsa chizindikiro. Imatha kukhala yamoyo, yonenepa, yosanunkha, koma yodzaza ndi tizilombo. Mathiriro ndi pamene zonyansa zonse za m'mizinda ya kumtunda zimadutsa. Mu 1988 ku Shanghai anthu pafupifupi 300,000 anadwala matenda a chiwindi a hepatitis A atadya nkhono za magazi zosapsa bwino zochokera m'madzi oipitsidwa ndi zonyansa za m'zimbudzi.

Maiko a European Union amagawa mabwalo potengera mabakiteriya a E. coli opezeka m'magalamu 100 a mnofu. Gulu A ndi la pafupifupi 230 kutsika pansi, ndipo nkhono zake zikhoza kugulitsidwa mwachindunji. Gulu B limafika 4,600 ndipo nkhono zake ziyenera kutsukidwa m'mathanki kapena kuphikidwa mwa lamulo. Gulu C limafika 46,000 ndipo zimafunika kusamutsidwira m'madzi oyera kwa nthawi yaitali kapena kuphikidwa mwa lamulo. Kumene kulibe labotale, maso agwire ntchito: musakumbe pafupi ndi mipope ya zonyansa, madoko, makola a ziweto kapena mafakitale, ndipo mvula yamphamvu ikagwa dikirani masiku angapo. Ngati zimbudzi zasefukira, dikirani milungu, chifukwa mavairasi amachedwa kuchoka m'thupi la nkhono kuposa mabakiteriya.

Kuphika kokwanira n'koti pakati pa mnofu pafike madigiri 90 n'kukhala potero kwa masekondi 90. Zigoba zimayasama kutenthako kusanafike, choncho zikatseguka pitirizani kuwiritsa kwa mphindi zina 3 mpaka 5.

Pali choopsa china chomwe moto suthetsa. Mitundu ina ya tindere imapanga poizoni, ndipo ikachuluka nkhono zimamusunga. Woopsa kwambiri ndi saxitoxin, amene malire ake ovomerezeka m'maiko ambiri ndi mamaikulogalamu 80 pa magalamu 100 a mnofu. Kuwiritsa, kuumitsa, kuthira mchere kapena kuviika m'madzi oyera sikumuchotsa. Nthawi zina madzi amafiira kapena kuderako, koma nthawi zina amaoneka oyera bwinobwino, ndipo mitundu ina ya nkhono imasunga poizoniyu kwa miyezi madzi atayera kale. Zizindikiro zimayamba msanga, kawirikawiri pasanathe maola awiri: dzanzi pa milomo ndi lilime, kenaka pa zala, kulephera kuyenda bwino, mpaka kubanika. Palibe mankhwala othetsera poizoniyu. Chimene chimapulumutsa munthu ndi kumuthandiza kupuma kuchipatala mpaka poizoniyo atatuluka m'thupi. Munthu mmodzi akamva dzanzi, onse asiye kudya, wodwalayo apite kuchipatala nthawi yomweyo, zotsalazo zisungidwe kuti zikayezedwe, ndipo bwalo litsekedwe. Boma likalengeza kuti latseka, musayesere ndi kulawa.

Kuchokera pa bwalo kufika kwa wogula

Tsukani matope ndi madzi a pamalo pomwepo. Yoyasama igogodeni, ikapanda kutseka itayeni. Gundanitsani ziwiriziwiri: yamoyo imalira ngati mwala, yakufa imalira mopepuka, ndipo ina imakhala yotseka koma yodzaza matope okhaokha, yomwe ikhoza kuwononga mphika wonse.

Pochotsa mchenga, ziikeni m'beseni lotambalala, zisaunjikane, pa sefa yokwezedwa pang'ono kuti mchenga wolavulidwa ugwere pansi zisaumezenso. Madzi akhale oyera, a mchere wofanana ndi wa kumene zachokera. Za kufupi ndi nyanja zimafuna magalamu pafupifupi 30 pa lita, za kumtunda kwa mathiriro zimafuna wocheperapo. Mchere ukasiyana kwambiri zimangotseka osalavula kanthu. Ikani pamthunzi kwa maola 3 mpaka 6, n'kusintha madzi akada. Izi zimachotsa mchenga wokha. Kutsuka kwa m'mathanki kochotsa mabakiteriya kumatenga pafupifupi masiku awiri m'madzi oyenda ophedwa tizilombo, ndipo ngakhale kumeneko sikuthetsa mavairasi onse, poizoni wa ndere kapena zitsulo zoopsa.

Ponyamula, zithinitseni m'thumba la ukonde kapena la chiguduli chonyowa kuti zisayasame n'kutaya madzi a m'kati. Musazitsekere m'pulasitiki, musaziviike m'madzi opanda mchere, ndipo zisakhudzane ndi ayezi mwachindunji, popeza madzi osungunuka amazipha. Thumba lililonse likhale ndi kapepala ka tsiku ndi bwalo, kuti wina akadwala mudziwe kotseka. Kumene msika uli kutali, wiritsani, gwedezani pa sefa kuti mnofu ugwe, n'kuumitsa pa thandala lokwezeka. Pa makilogalamu 10 a nkhono zazigoba yembekezerani mnofu wa kilogalamu imodzi kapena awiri usanaume.

Zigoba nazo ndi chuma. Amaziotcha kukhala laimu ndiponso amazipera kuti zilowe m'chakudya cha nkhuku zoikira mazira. Koma musazigulitse zonse. Zigoba zophwanyika zosakanikirana ndi dothi zimathandiza tiana kukhazikika ndi kubisala, komanso zimachepetsa asidi wa m'matope amene amadya tizigoba tanthete. Bwezerani zina pa bwalo lomwe zinachokera, zitauma bwino padzuwa. Zigoba kapena mbewu za ku mathiriro ena zikhoza kubweretsa matenda ndi zamoyo zachilendo.

Nkhono zikayamba kufa

Zigoba zimanena chomwe chachitika. Kabowo kozungulira bwino pafupi ndi polumikizira zigoba ndi ntchito ya nkhono zina zolusa zoboola. Zigoba zophwanyika m'mphepete ndi nkhanu. Ngati mwafesa tiana m'chigawo chanu, ukonde wa mabowo ang'onoang'ono wokwiriridwa m'mbali umachepetsa kutayika kumeneku, koma uyenera kutsukidwa ndere zikamera, apo ayi umatchinga madzi.

Zikafa zambiri nthawi imodzi, zigoba zili zoyasama koma zosasweka, vuto ndi madzi kapena dothi. Madzi osefukira akatsitsa mchere, nkhono zimatseka zigoba n'kupirira masiku ochepa, koma zikapitirira zimafa, ndipo matope atsopano akaunjikana zimakwiririka. Dothi likada bii mpaka pamwamba n'kumanunkha ngati dzira lovunda, mpweya wa okosijeni watha, kawirikawiri chifukwa cha ndere zowola zomwe zachuluka ndi feteleza kapena zonyansa zochokera kumtunda. Madzi akaphwa kwambiri masana m'nyengo yotentha, za kumtunda kwa bwalo ndi zomwe zimayamba kufa. Kachipangizo koyezera mchere kotchedwa refractometer n'kosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo kuyeza pamalo amodzi sabata iliyonse, madzi atadzaza komanso ataphwa, kumakuthandizani kusiyanitsa zifukwa zimenezi.

Zina zimachokera kutali kwambiri ndi bwalo. Damu la Akosombo litamangidwa pa mtsinje wa Volta m'zaka za m'ma 1960, kayendedwe ka madzi kanasintha, ndipo malo a nkhono za Galatea paradoxa anachepa mpaka kutsala chigawo chachifupi cha kumunsi, kufupi ndi tauni ya Ada. Zotere sefa ndi zikhomo sizingathetse. Pamafunika gulu lodziwika mwalamulo lomwe lingakhale pa zokambirana za madamu, kukumba mchenga ndi kudula mangrove, monga bungwe la amayi la TRY ku Gambia, lomwe mu 2012 linapatsidwa ufulu woyang'anira lokha nkhono za m'dambo la Tanbi. Pa zokambirana zoterozo, kope lanu la nambala za mafelemu ndi za mchere, lolembedwa mwezi womwewo chaka ndi chaka, ndi umboni umene akuluakulu a boma ndi a makampani angauyeze okha.